Nyali yothwanima kumwamba usiku: tiyidziwe isanatifikire

Inu a ku Mtengowanthenga, ku Lumbadzi ndi ku Mponela simusowa wokuuzani momwe ndege imaonekera kunja kukada. Bwalo la ndege la Kamuzu lili pafupi nanu. Ndege ikamatsika usiku mumaona nyali yofiira kuphiko la kumanzere, yobiriwira kuphiko la kumanja, ndi ina yoyera yothwanima mwamphamvu. Palibe amene amaimba mluzu kapena kudzutsa mudzi, chifukwa aliyense akudziwa chimene chikudutsa.

Koma mumlengalenga mwathu mwalowa mlendo wina, ndege yaing'ono yopanda munthu m'kati, imene ambiri akuitchula kuti drone. Ena mwa inu mwaiona pa ukwati kapena pa msonkhano ikujambula zithunzi. Zina, zokulirapo, zimanyamula mankhwala, katemera ndi magazi okayeza kupita nazo kuzipatala zakutali. Maganizo athu pa tsamba lino ndi awa: tindege ta chipatala tiyenera kuloledwa kugwira ntchito ngakhale usiku, chifukwa matenda sadikira kuti kuche. Koma pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kudumphidwa. Choyamba, kandege kalikonse kouluka mumdima kakhale ndi nyali yothwanima yooneka patali. Chachiwiri, anthu a m'midzi imene kadzidutsamo auzidwe tanthauzo la nyaliyo tsiku loyamba lisanafike. Nyali imateteza kandege kuti kasaombane ndi ndege ina. Kuuza anthu kumateteza namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi volontiya amene adzaima pabwalo kukalandira katunduyo.

Zimene zachitika kale m'dziko muno

Nkhaniyi si yongomvera kunja. M'mwezi wa Malichi 2016, boma mothandizana ndi bungwe la UNICEF linayesa drone mu Lilongwe, pa ulendo wa makilomita 10 kuchoka pa chipatala chaching'ono kukafika pa chipatala chachikulu cha Kamuzu. Cholinga chinali kuona ngati tindegeti tingafulumizitse kuyeza kachilombo ka HIV mwa makanda, popeza nthawi imeneyo magazi ankatenga pafupifupi masiku 11 kuti afike koyezera, ndipo zotsatira zinkatha kuchedwa mpaka masabata 8.

Mu Juni 2017 ku Kasungu anatsegula dera lapadera loyeseramo ma drone a ntchito zothandiza anthu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Linali loyamba la mtundu wake mu Africa. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu Lilongwe kuti iphunzitse achinyamata kupanga ndi kuyendetsa tindegeti. Kampani ya Swoop Aero yanyamulapo mankhwala ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo ya Wingcopter yachita chimodzimodzi ku Kasungu. Cha m'ma 2018, bungwe la VillageReach pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo linafunsa maganizo a anthu m'maboma a Dowa ndi Lilongwe lisanayese kunyamula magazi ndi mankhwala a amayi oyembekezera pa drone. Kasungu achita malire ndi Dowa komanso Ntchisi. Choncho nkhaniyi ili pakhomo pathu.

N'chifukwa chiyani usiku?

Kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko madzulo n'kutuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko m'mawa. Pafupifupi theka la tsiku lililonse ndi mdima. Chipangizo chimene chimagwira ntchito masana okha ndiye kuti chikutithandiza theka la nthawi basi.

Inu makolo mukudziwa kuti matenda a uchembere nthawi zambiri amayamba anthu atagona. Mayi akabereka n'kuyamba kutaya magazi ambiri, angathe kumwalira pasanathe maola 2 ngati sathandizidwa. Kutaya magazi kotereku ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amafera pa uchembere. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa zokhudza mimba ndi kubereka. Mankhwala oletsa kutaya magaziko, otchedwa oxytocin, amafuna kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pa chipatala chaching'ono pamene firiji imazimazima, mankhwalawa angathe kuchepa mphamvu kapena kutha kumene. Magazi oika m'thupi nawonso sapezeka paliponse; amachokera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service ndi kusungidwa m'zipatala zikuluzikulu.

Onjezani pamenepo misewu ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi m'nyengo ya dzinja. Msewu wa M1 ndi wa tala, koma mukangopatuka kulowera kumidzi mumakumana ndi matope, zigwa ndi timilatho tokokoloka. Kandege sikaona zonsezo. Dziko la Rwanda linayamba kutumiza magazi m'zipatala pa ma drone a kampani ya Zipline mu Okutobala 2016, ndipo Ghana inatsatira mu 2019.

Ena anganene kuti tiyambe takonza misewu ndi kugula maambulansi. Akunena zoona, ndipo drone singalowe m'malo mwa zimenezo. Singanyamule mayi, singachite opaleshoni, singalowe m'malo mwa mzamba. Chimene ingathe ndi kubweretsa kabokosi kakang'ono mwachangu pamene mzamba alipo koma chosowa ndi mankhwala kapena magazi. Ntchito imeneyo ndi yochepa, koma pa usiku wina ndi imene imasiyanitsa maliro ndi chikondwerero.

Nyali yothwanima imagwira ntchito yanji?

Tiyambe ndi chimene si ntchito yake. Nyaliyi si yowunikira njira ngati ya galimoto. Kandege ka chipatala kamatsata njira imene anakalembera pa kompyuta, mothandizidwa ndi GPS, ndipo sikasowa kuona pansi ngati dalaivala. Nyali yothwanima ndi yoti ena akaone. Ili ngati nyali yofiira imene mumaiona pamwamba pa nsanja za mafoni: siwunikira aliyense, imangochenjeza woyendetsa ndege kuti pano pali chinthu.

Ma drone ambiri amalamulidwa kuuluka mosapitirira mamita 120 kuchokera pansi. Ndege zikuluzikulu zimauluka pamwamba kwambiri kuposa apo, koma zikamatera ndi kunyamuka zimadutsa mmunsi momwemo. Helikopita nayo imauluka motsika. N'chifukwa chake dera loyandikana ndi bwalo la Kamuzu likufunika kusamala kuposa madera ena. Drone ndi yaing'ono, koma ili ndi batire ndi zitsulo zolimba, ndipo ikaombana ndi galasi la kutsogolo kapena kulowa mu injini ya ndege ingathe kuchita ngozi. Ngakhale kungoonedwa pamalo olakwika kumasokoneza zambiri. Mu Disembala 2018, pa bwalo la ndege la Gatwick ku England, malipoti oti kwaoneka ma drone anaimitsa maulendo pafupifupi 1,000 ndi kusokoneza anthu pafupifupi 140,000.

Ku America, bungwe loyang'anira maulendo a pandege la FAA linayamba kulola ma drone a ntchito kuuluka usiku popanda chilolezo chapadera mu Epulo 2021, koma linaika lamulo loti akhale ndi nyali yothwanima yooneka pa mtunda wa mamailosi 3, omwe ndi pafupifupi makilomita 5. Maiko a m'bungwe la European Union analamula kuti kuyambira pa 1 Julayi 2022 drone youluka usiku ikhale ndi nyali yobiriwira yothwanima, makamaka kuti munthu wa pansi athe kuisiyanitsa ndi ndege yonyamula anthu.

Makilomita 5 angaoneke ochuluka, koma tiwerengere limodzi. Ndege yaikulu ikamatsika imathamanga pafupifupi makilomita 250 pa ola. Pa liwiro limenelo, makilomita 5 imawamaliza pa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Akatswiri a FAA omwewo amati woyendetsa ndege amafuna masekondi 12.5 kuti aone chinthu, azindikire kuti chili m'njira yake, asankhe chochita, ndege n'kuyamba kukhota. Pa masekondi amenewo ndegeyo imakhala itayenda kale mamita oposa 800. Kanyali kofooka kooneka pa mamita 300 okha sikangamuthandize.

Nanga n'chifukwa chiyani nyaliyo iyenera kuthwanima m'malo mongoyaka? Yankho lili m'diso lanu. Kumbuyo kwa diso kuli tizigawo ta mitundu iwiri tolandira kuwala. Tina tili pakati, timagwira bwino ntchito masana ndi kusiyanitsa mitundu ya zinthu. Tina tachuluka m'mbali, timagwira ntchito mumdima, sitisiyanitsa mitundu koma timazindikira msanga kuwala kukasintha. N'chifukwa chake chiphaniphani mumachiona ndi kumbali kwa diso musanachiyang'ane n'komwe. Nyali yongoyaka imasokonekera pakati pa nyenyezi, kapena pakati pa magetsi a m'nyumba munthu akamayang'ana ali kumwamba. Komanso chinthu chimene chikubwera molunjika pa iwe chimaoneka ngati chaima malo amodzi, ndipo diso silichilabadira mpaka chitayandikira. Kuthwanima kumakoka diso. Pa ndege zonyamula anthu nyali zimenezi zimathwanima pakati pa maulendo 40 ndi 100 pa mphindi imodzi.

Nyali za masiku ano za LED ndi zopepuka ndipo sizidya batire kwambiri. Poyerekeza ndi mtengo wa kandege konse, mtengo wake ndi wochepa. Palibe chifukwa chomveka choti wina auluse drone usiku popanda nyali yotere.

Pamene nyali imalephera

Tisaiyese mankhwala a zonse. Inu a kumapiri a Ntchisi ndi Dowa mukudziwa nkhungu ya m'mawa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene munthu sutha kuona nyumba ya mnzako. Mukudziwanso utsi wa moto wa m'tchire kuyambira mu Ogasiti, ndi mvula yamkuntho ya dzinja. Pa nyengo zoterezi nyali yooneka pa makilomita 5 imatha kuoneka pa mamita ochepa chabe. Choncho oyendetsa ma drone ayenera kudziwitsa oyang'anira bwalo la ndege za ulendo uliwonse, kutsata njira zovomerezeka, ndi kukhala ndi mtima wotha kunena kuti lero sitiuluka. Nyali iyeneranso kuikidwa mooneka kuchokera pamwamba ndi pansi pomwe. Yoikidwa kumimba kokha imaonedwa ndi ife a pansi, koma woyendetsa ndege amene ali pamwamba pake saiona.

Funso la makolo: nanga mwana wodwala khunyu?

Ndi funso loyenera. Kuwala kothwanima kumatha kuyambitsa kukomoka mwa anthu ena odwala khunyu, koma ndi ochepa, pafupifupi 3 mwa 100 alionse odwala matendawa. Kuthwanima kumene kumachita zimenezi kumakhala kothamanga kwambiri, kawirikawiri maulendo 3 mpaka 30 pa sekondi imodzi, ndipo kumakhala pafupi ndi maso, monga pa kanema kapena magetsi a m'malo ovinira. Nyali yochenjeza ya mtundu wa pa ndege imathwanima kamodzi kapena kawiri pa sekondi, ndipo kuchokera patali imaoneka ngati kadontho. Chiopsezo chake ndi chochepa kwambiri. Komabe oika nyalizi asazichune kuti zizithwanima mothamanga, ndipo mwana amene mukudziwa kuti amavutika ndi kuwala kotere asaime pafupi kandege kakamatera. Chachikulu kwa iye ndi kumwa mankhwala ake mosadumphitsa.

Choopsa chachikulu chili pansi

Tilankhule mosabisa. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa, misewu inatchingidwa usiku, ogwira ntchito zaumoyo anaopsezedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa kwa kanthawi antchito ake m'madera ena. Mu 2020 mphekeserazi zinabukanso kumpoto ndi m'chigawo chapakati, ndipo miyoyo inatayikanso. Palibe namapopa amene anapezeka.

Tsopano taganizirani mudzi umene sunauzidwe kanthu. Pakati pa usiku kukumveka kulira ngati kwa njuchi zambiri, kumwamba kukuthwanima nyali, chinthu chikutsikira ku chipatala. Kutacha wina akumva kuti munali magazi. Tonse tinakula tikumva nkhani za ndege za usiku za afiti. Sizitenga tsiku kuti nkhani ifike pa WhatsApp itasinthidwa, ndipo amene adzalozedwe chala si kampani ya kunja ayi. Adzakhala mlonda wa pa chipatala, namwino wa usiku, kapena inu a volontiya amene munaoneka mutanyamula kabokosi.

Ena amati njira yabwino ndi kuzimitsa nyali kuti kandege kadutse mwakachetechete, anthu asakaone, ana asakagende. Ife tikukana. Chobisika ndicho chimabala mphekesera. Chinthu chimene chimadzionetsa chokha, pa njira yodziwika, ndi nyali ya mtundu umene anthu anauzidwa, sichipereka mpata kwa wabodza. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha tingathe kuchiimbitsa ng'oma, ndipo tiyenera kutero.

Zimene tikupempha kwa adindo

Kwa oyang'anira maulendo a pandege m'dziko muno, pempho lathu ndi lakuti lamulo la nyali za ma drone ouluka usiku likhale lomveka, lotchula mtunda umene nyali iyenera kuonekera, ndipo lifalitsidwe m'Chichewa ndi m'zinenero zina pa wailesi. Likhudzenso ojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zoimbaimba za usiku, makamaka m'madera oyandikana ndi Lumbadzi. Ndi bwinonso kuti tindege tonse ta chipatala tikhale ndi mtundu umodzi wa nyali m'dziko lonse, monga momwe aliyense amadziwira nyali ya ambulansi.

Kwa Unduna wa Zaumoyo, maofesi a zaumoyo a maboma, zipatala za mishoni ndi makampani oyendetsa ma drone: musauluke usiku pamwamba pa mudzi umene simunakhale nawo pansi masana. Yambani ndi a gogo chalo, magulupu ndi anyakwawa. Pitani ku matchalitchi, ku mizikiti ndi ku sukulu. Bweretsani kandegeko pabwalo, anthu akagwire, atsegule bokosi aone m'kati, muyatse nyali aione ikuthwanima dzuwa lili pamutu. Kenaka chitani ulendo woyamba wa madzulo anthu atasonkhana ndipo akudziwa ola lake. Musaiwale midzi ya pakati pa njira. Nthawi zambiri msonkhano umachitikira ponyamukira ndi potera, koma amene amangoona nyali ikudutsa pamwamba pa denga lawo ndi amene sanauzidwe.

Zimene inu mungachite

Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, mukamva kuti ntchito ya ma drone ikubwera kudera lanu, funsani mafunso awa pa msonkhano wa komiti ya zaumoyo: Kandege kadzidutsa kuti? Nthawi yanji? Nyali yake ndi ya mtundu wanji? Kanyamula chiyani, kuchokera kuti? Kakagwa m'munda tiuze ndani? Safunsa anadya phula. Mayankho amenewa muwatengere ku sikelo ya ana, ku magulu a amayi ndi ku misonkhano ya mudzi. Fotokozani momveka kuti magazi amene kandege kanganyamule ndi a mitundu iwiri: opereka anthu mwa kufuna kwawo kuti akapulumutse odwala, ndi ochepa otengedwa kwa wodwala pa chipatala kuti akayezedwe. Kandege sikatenga kanthu m'thupi la munthu.

Inu makolo, auzeni ana zinthu zitatu. Asagende kandege ndi miyala kapena legeni, chifukwa m'bokosimo mungakhale mankhwala a m'bale wawo. Asawunike kumwamba ndi tochi yamphamvu kapena kanyali ka laser. Diso la munthu limatenga pafupifupi mphindi 30 kuti lizolowere mdima, koma kuwala kwamphamvu kumaononga zimenezo pa kanthawi kochepa, ndipo amene angachititsidwe khungu kwa kanthawi ndi woyendetsa ndege yonyamula anthu kapena wolandira kandege pabwalo. Chachitatu, asathamangire pamene kakutera. Mapiko ake ozungulira amacheka ngati mpeni, ndipo usiku saoneka. Kakagwa, asakagwire, batire yoonongeka imatha kuyaka moto. Auzeni mfumu ndi a chipatala chapafupi.

Pomaliza, mukaona nyali yachilendo usiku, musayambe ndi kutumiza uthenga pa foni kapena kuimba mluzu. Kutacha funsani mlangizi wa zaumoyo, a mfumu kapena apolisi. Ndipo ngati wina auluka usiku pamwamba pa mudzi wanu popanda nyali komanso popanda kukudziwitsani, muli ndi ufulu wokadandaula kwa a mfumu, kwa khansala ndi ku ofesi ya bwanamkubwa. Kudandaula koteroko n'koyenera. Kugenda, kutchinga msewu ndi kuloza chala wantchito wa pa chipatala n'kumene kudzathamangitse thandizo limene mayi wa m'mudzi mwanu angadzalifune usiku wina.